Batire Lomwe Linakwera Lole ya Che Sabiti

Manda a Che Sabiti ali pamtsetse, kuseri kwa mzikiti wakale wa ku Nsanama. Abale awo amati zinangochitika, poti malo otsala anali pomwepo. Ine ndimakana. Munthu uja moyo wake wonse sanaimikepo lole pamalo athyathyathya, ndiye akanalola bwanji kugona pathyathyathya mwini wake? Tsiku lomaliza likadzafika, enafe tikufunafuna wotikankha, Che Sabiti adzangochotsa mwala kutayala n'kutsetsereka.

Ine ndine Blasius, wa ku Mposa mwa kubadwa, wa ku Chikweo mwa kupusa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Ndalemba za Che Sabiti chifukwa ana a masiku ano sawadziwa, ndiponso chifukwa nkhani ya ine ndi iwo anthu amaikamba molakwitsa pamaliro. Ngati ndi kunyozeka, bola ndidzinyoze ndekha mwadongosolo.

Che Sabiti anabadwira m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta. Bambo awo anali msodzi, agogo awo msodzi, koma iwo akangoponda m'bwato m'mimba munkatembenuka. Mwana wa msodzi kusanza pamadzi osafika m'chiuno! Anzawo anawaseka mpaka anapinda kamphasa kawo n'kuyenda wapansi kukafika ku Balaka, cha m'ma 1934, kukasenza mabelo a thonje pasiteshoni ya sitima. Nkhondo ya azungu itabuka analowa usilikali wa Keyala, ndipo kumeneko ndiko anaphunzira chiwongolero. Anayendetsa malole a asilikali ku Kenya, ku Abisiniya, mpaka ku Bama kutsidya kwa nyanja yamchere. Mmene anawolokera nyanjayo ndi mimba yawo ija, sanauzepo munthu. Anabwerako khutu limodzi litagontha ndipo mawu atachepa. Munthu ukawafunsa za nkhondo ankangoti, “Kunali matope.”

Atabwerera anapeza lole yakale ya asilikali, n'kuyamba kunyamula matemba ndi milamba youma kuchokera ku Chiuta kupita ku Balaka. Loleyo inali ndi matenda onse omwe chitsulo chingadwale. Chitseko ankamanga ndi luzi. Batire lake linali lokalamba, longokwanitsa kupereka kamoto, koma kutembenuza sitata ayi. Ndiye Che Sabiti anaphunzira dziko lonse ngati chikhatho chawo. Chulu chilichonse, kamtsetse kalikonse kuyambira ku Chiuta, kudzera ku Chikweo, Nsanama, Liwonde mpaka Balaka, ankakadziwa. Akafuna kuima ankakwera chammbuyo pachulu, n'kuika mwala kutayala. Ponyamuka ankachotsa mwalawo, lole n'kutsetsereka, iwo n'kuponya giya, n'kusiya kilachi mwadzidzidzi, injini n'kudzuka ikutsokomola. Pomwe panalibe chulu ankatulutsa hendulo, chitsulo chopindika chija cholowetsa pamphuno pa galimoto n'kupukusa ndi manja. Hendulo imeneyo inawathyolapo dzanja kamodzi, ndipo sankaikonda. Nthawi ya swala, mapemphero awo, ikakwana, okwera onse ankadziwa kuti tiima pachulu chotsatira, osati pamthunzi wotsatira. Mpaka lero ku Nsanama kuli malo otchedwa pachulu cha Che Sabiti, ngakhale chulucho anachiumba njerwa kalekale.

Ine ndinawadziwa pamzere wodikira chombo chowolotsa magalimoto pa Liwonde. Chinali chaka cha 1955, ndipo ndinali dalaivala wa mzungu wina wogula thonje ku Balaka. Mwendo wake wamanzere unauma kunkhondo, ndiye tinkamutcha Bwana Katsimphina. Chifukwa cha mwendowo anaitanitsa galimoto ya ku Amereka kudzera ku Halale, yopanda kilachi. Pansi panali zopondera ziwiri basi, cha mafuta ndi cha buleki. Magiya inkasintha yokha ngati muli kamunthu m'kati. Inali yobiriwira, yaitali ngati bwato la kumtsinje, ndipo m'kati munali wayilesi. Ineyo ndili m'menemo, kapusi kumutu, yunifomu ya kaki yosita, ndinkaona anthu onse ngati nyerere.

Ndikawapeza Che Sabiti pachombo akupukusa hendulo, thukuta lili kamukamu, ndinkatsitsa galasi.

“Che Sabiti, lero chulu mwaiwala kunyumba?”

Iwo ankatembenuza khutu labwino lija. “Mwati bwanji, a dalaivala?”

“Ndati muzinyamula chulu chimodzi kumbuyo, pamodzi ndi matembawo!”

“Elo,” ankangovomera, n'kupitiriza kupukusa. Ine n'kukhudza kiyi ndi zala ziwiri, galimoto n'kulira, anthu n'kuombera m'manja.

Koma kunyada konseko, usiku ndinkagona ndekha. Mkazi wanga Anastasia ndi khanda lathu Joanna anali kwawo, m'mudzi wina kufupi ndi Chikweo. Ndinali nditakwatira zaka zitatu, ndipo katatu ndinapempha chitengwa, kuti andilole kumutenga tikakhale limodzi ku Balaka. Katatu amalume ake, a Yoram, omwe anali eni mbumba, anakana.

“Mwana wathu sapita kukagona pakhonde la sitolo,” ankatero. “Tikufuna ntchito yokhazikika ndi nyumba yotseka chitseko.”

Ntchito ndinali nayo. Nyumba ndinali nayo, kachipinda ka simenti kuseri kwa nyumba ya Bwana. Vuto linali lakuti pofunsira ukwati ndinawauza a Yoram kuti ndine kalaliki wa ku boma, pomwe ndinali wotsuka malole. Chiululikireni bodza limenelo, ndikati kunja kwacha a Yoram ankayamba atuluka kukaona.

Ndiye Lachiwiri lina Bwana anakwera sitima kupita ku Limbe. Anandipatsa kiyi n'kunena m'Chinyanja chake chija chopanda mchere, “Iwe tsuka galimoto. Iwe bwera siteshoni Loweruka, wani koloko. Osachedwa.” Sitima isanathe n'kukhota komwe, nzeru inali itandifikira. Ngati a Yoram sakhulupirira pakamwa panga, akhulupirira matayala anayi. Ndinayang'ana muvi wa petulo, ndinawerengera ndi masamu anga a Sitandade 3, ndinapeza kuti akwana kupita ndi kubwera, n'kutsalako. Lachitatu m'mawa ndinagula tambala woyera wokaperekera chitengwa, ndinamuponya m'buti, ulendo.

Ndinalowa m'mudzimo masana ndikuliza hutala kuyambira kudambo. Mbuzi zinadula zingwe. Ndinaimika pabwalo penipeni, pansi pa mtengo wa mango, pamalo osalala ngati mphasa. Amayi ankadziyang'anira nkhope pazitsulo zonyezimira zakutsogolo. A Yoram anazungulira galimoto kawiri, manja kumbuyo.

“Ndi yayani?”

“Ine ndi Bwana timagwiritsa limodzi,” ndinatero. Theka la mawu amenewo linali loona.

“Mwaibwereka kapena mwaiba?”

“Amalume, munthu wakuba amaliza hutala?”

Anthu anaseka, ndipo a Yoram anati nkhani ya chitengwa aiganizira. Kuti aganize msanga ndinawakweza kumpando wakumbuyo n'kukawazungulitsa mpaka ku msika wa Chikweo. Pobwera alongo awo ena anati nawonso ndi anthu. Kenaka katekisiti. Kenaka ana a katekisiti. Dzuwa likupendeka ndinazimitsa injini kuti ndisunge petulo, poti ndine munthu wosamala, n'kutsegula wayilesi.

Abale anga, mudzi uja unali usanamvepo munthu akulankhula Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Anthu anakhala pansi kuzungulira galimoto ngati pa misa. Lachinayi kunabwera a midzi ina, ena ndi mipando yawo pamutu. Ndinatsegula zitseko zonse zinayi kuti mawu atuluke bwino. Pomwe wayilesi inkangolira phokoso lopanda mawu, ndinkayatsira ana nyali zakutsogolo, kuzimitsa, kuyatsanso. Aliyense wondipatsa chikho cha thobwa ankaloledwa kukanikiza hutala kamodzi. Anastasia anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

“Bambo a Joanna, kodi chinthuchi sichitopa?”

“Ichi n'cha ku Amereka, mayi. Kutopa sachidziwa.”

Cha kumadzulo munthu wa m'wayilesi uja anayamba kulankhula ngati wodwala malungo, kenaka ngati ali m'chitsime, kenaka zii. Ndinawauza anthu kuti Lusaka ndi kutali, mwina wapita kukadya.

Lachisanu m'mawa ndinati ndiitenthetse injini, kuti mawa ndinyamuke bwino. Ndinavala kapusi, ndinadikira kuti anthu asonkhane, ndinakhudza kiyi ndi zala ziwiri zija. Galimoto inati “kho.” Ndinakhudzanso. Inati “tche.” Kachitatu sinanene kanthu.

Ndinatuluka ndikuimba mluzu, ndinapita kutsogolo kukafuna bowo la hendulo. Ndinagwada, ndinasuzumira, ndinapapasa. Anthu a ku Amereka sanaboole. Mphuno yonse inali zitsulo zokongola zokhazokha.

“Mwataya chiyani, akamwini?” anafunsa a Yoram.

“Palibe, amalume. Ikungofuna kukankhidwa pang'ono. Ndi mwambo wake wa Lachisanu.”

Kukankha galimoto aliyense ankakudziwa, poti lole ya Che Sabiti inaphunzitsa dera lonse. Amuna anavula malaya, wina anayambitsa nyimbo yokokera bwato, galimoto inayamba kuyenda. Ine m'kati ndinakoka kandodo ka magiya, mwendo wamanzere n'kupita wokha kukafuna kilachi. Unaponda mphepo. Ndinayesa chilembo chilichonse cholembedwa pamenepo, ndipo zilembo ndinkazidziwa ndithu, koma galimoto inkangoyenda chete ngati maliro. Anakankha kuchoka pabwalo mpaka pachitsime. Anapuma. Anakankha kuchoka pachitsime mpaka kumunda wa thonje wa katekisiti. Amuna atatopa analowapo amayi.

Apa ndinene chinthu chomwe chimandiwawabe. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Mukakumana panjira wina amalowa patchire. Zaka zitatu ndinali ndisanaone bwino nkhope ya amayi ake a Anastasia. Tsiku limenelo ndinakweza maso pakagalasi koonera kumbuyo, ndipo ndinawaona, chitenje atamanga m'chiuno, manja ali pabuti, mano ataluma. Nawonso anakweza maso. Tinayang'anana m'galasimo bwinobwino. Anasiya galimoto, anafunda chitenje kumutu, n'kulowa m'thonje osatembenuka. Amayi ena onse anawatsatira.

Pofika masana galimoto inali kumapeto kwa dambo, padzuwa, pomwe msewu wa ku Chiuta umadutsa. A Yoram anali atagwa kamodzi, bondo likutuluka magazi. Anakhala pachitsa n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Mwati sitima ya mzungu wanu ifika liti?”

“Mawa, wani koloko.”

“Akapanda kukupezani?”

Anayankha okha. “Ntchito yatha. Ntchito ikatha, nyumba yatha. Nyumba ikatha, tambala wanu uja tingodyera nsima.” Ananyamuka n'kumapita akutsimphina ngati Bwana.

Ndinakhala ndekha pamthunzi wa galimoto yakufa. Ndinapemphera kwa oyera mtima onse omwe ndinkawakumbukira maina, ndipo anali anayi. Dzuwa litapendeka pang'ono ndinamva fungo la matemba, kenaka kutsokomola. Che Sabiti ankachokera ku Chiuta, ataswali Ijuma, swala ya Lachisanu, kunyanja. Anandipitirira osaima. Kenaka ndinawaona patsogolo akukwera chammbuyo pachulu. Anaika mwala, anabwera wapansi.

“Kwagwanji, a dalaivala?”

“Yangokomoka, Che Sabiti. Mwina ndi dzuwa.”

Anatsegula boneti, anatenga sipanala m'thumba, anakhudzitsa pamitu iwiri ya batire. Panatuluka kamoto kochepa ngati ka chiphaniphani. Analowetsa mutu m'galimoto, anayang'ana wayilesi, anayang'ana ine.

“Inaimba masiku angati?”

“Awiri.”

“Injini ili chete?”

“Ndimasunga petulo.”

Sanaseke. Bola akanaseka. Anawerama kuyang'ana zopondera ziwiri zija, n'kupukusa mutu.

“Mwaikankha?”

“Mudzi wonse. Ndi apongozi omwe.”

“Astaghfirullah,” anatero chapansipansi. “Izi sizidzuka ndi manja a anthu, achimwene. Yathu ija ukasiya kilachi, tayala limagwira injini ngati dzanja. Iyi pakati pa tayala ndi injini pali mafuta okhaokha. Ndinamva kwa makaniko wina ku Limbe kuti imadzuka ukaikoka pa liwiro lalikulu. Liwiro limenelo lole yanga sinalionepo, ngakhale potsika phiri.”

“Ndiye ndibwerekeni batire lanu.”

“Langa?” Apa m'pomwe anamwetulira pang'ono. “Langa likanakhala lotembenuza sitata, bwenzi mukundiseka chiyani pachombo paja?”

Ndinavula kapusi. Ndinawauza zonse, za sitima, za nyumba, za Anastasia ndi tambala. Anamvetsera ndi khutu limodzi lija, akutafuna kamtengo kotsukira mano.

“Batire lanuli silinafe, lili ndi njala,” anatero. “Limadya injini ikamayenda. Injini yanu siingayende popanda ilo, ndiye likadyere kwina.”

Anamasula batire la Bwana, analinyamula pachifuwa ngati mwana wodwala, n'kukaliika mu lole yawo m'malo mwa lawo lokalamba. Anayang'ana kaye ngati ndi a msinkhu umodzi, anawerenga titsekero tapamwamba, titatu uku titatu uku, n'kuti Alhamdulillah. Analimanga ndi luzi. Ulendo wawo unali wolunjika ku Balaka ndi nsombazo, koma anati akagona kwawo ku Nsanama, akazungulira mpaka ku Ntaja kuti batire likhute, n'kubwereranso kuno m'mawa.

“Mubwereradi?”

“Insha Allah.”

“Che Sabiti, ine Insha Allah imandiopsa. Nenani kuti inde.”

“Inu munanena inde kwa mzungu wanu,” anatero. Anachotsa mwala, lole inatsetsereka, inatsokomola, n'kupita ndi moyo wanga wonse womangidwa ndi luzi pakati pa matemba.

Loweruka dzuwa litangotuluka ndinamva kutsokomola kuja. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero, ngakhale ya ku Lusaka. Anabwezera batire, likununkha nsomba, anamanga mitu yake. Mudzi wonse unali utatsikira kudambo.

“Zimitsani zonse. Wayilesi, nyali. Kamodzi kokha, a dalaivala, poti ladya la tsiku limodzi.”

Ndinagwira kiyi ndi dzanja lonse. Inati kho, kho, khooo, kenaka inalira. Amayi analuluta. Ndinaiyendetsa kubwerera pabwalo ngati mfumu yobwera kunkhondo.

“Tsopano nyamukani,” anatero Che Sabiti. “Musazimitse mpaka mutayenda mtunda wautali. Likhutira panjira.”

Pomwepo a Yoram anatulutsa mpando wawo n'kuuika pansi pa mango. “Nkhani ija ndaiganizira,” anatero. “Tikambe.”

Ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ana galimoto ikulira payokha, ndinayang'ana Anastasia ataima pakhomo ndi mwana kumbuyo. Zaka zitatu ndinadikira mawu amenewo. Ndikanati ndikufulumira, sakanawanenanso. Kuzimitsa injini ndinkaopa. Ndinaisiya ikulira, n'kukakhala pansi, miyendo nditapinda.

“Nkhoswe yanu ili kuti?” anafunsa a Yoram. “Chitengwa sitikamba ndi mkamwini yekha ngati tikugulitsa mbuzi.”

Nkhoswe yanga inali ku Mposa, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndinatembenuka. Che Sabiti anali akupita kuchulu chawo. Ndinawathamangira, ndinawagwira mkono.

“Mundiimire.”

“Ine Msilamu, inu Akatolika. Mtundu wanu sindiudziwa. Nsomba zanga zikudikira.”

“Mungokhala pampando basi.”

Anapuma mozama, anabwerera, anavula nsapato, n'kukhala pamphasa.

A Yoram akayamba kulankhula ankayambira pomwe makolo awo anawolokera kuchoka ku Manguru, kutsidya kwa malire. Anatchula mitsinje yonse. Anatchula yemwe anabala yemwe. Anafika pa njala ya 1949 dzuwa lili pamwamba pa nkhokwe. Mkamwini sadula mawu a mwini mbumba, ndiye ine ndinkangowomba m'manja pomwe pafunika, khutu lili kugalimoto. Che Sabiti anandiweramira kamodzi n'kunong'ona, “Petulo akudyeka.” Ndinawomba m'manja mwamphamvu kuti a Yoram afulumire. Iwo anayesa ndakondwa ndi nkhaniyo, n'kubwerezanso za njala.

Pomaliza anatembenukira kwa Che Sabiti. “Ankhoswe, munthu wanuyu mukumudziwa bwanji?”

“Ndi wabodza,” anatero Che Sabiti.

Ine ndinafuna nthaka ing'ambike.

“Ndi wabodza, ndi wamatama, ndipo galimotoyi waitenga mwini wake asakudziwa. Koma ntchito ali nayo, ndimamuona pachombo. Nyumba ndinaiona ndi maso anga, ya simenti, chitseko cha thabwa. Ndipo dzulo analira. Sanalirire ntchito, analirira mayiyu.”

Zoti ndinalira n'zabodza, munali fumbi m'maso. Koma a Yoram anagwedeza mutu. “Nkhoswe yoyamba kuimva ikunena zoona,” anatero. “Bweretsani tambalayo.”

Mukuganiza tinanyamuka pomwepo? Mkazi sapita kuchitengwa chimanjamanja. Panatuluka miphika, mphasa, lichero, thumba la makaka a chinangwa, nkhuku zitatu zomanga miyendo. Mtondo unakana kulowa m'buti, tinaumanga padenga. Azakhali aliyense anali ndi malangizo ake. Apongozi anatsazika mwana wawo ali kuseri kwa nyumba, poopa galasi lija. Nthawi yonseyi injini ikungolira. Che Sabiti anali atapita kale.

Ndinawapeza kupitirira Nsanama, lole ikukwawa. Munthu wanzeru akanadutsa mwaulemu. Ine, mkazi ali pambali, ndinaliza hutala katatu n'kuwasiyira fumbi. Pachombo cha pa Liwonde anatiuza kuzimitsa injini. Ndinazimitsa ndikupemphera, koma kutsidya inadzuka kamodzin'kamodzi. Ndinayamba kuimba nyimbo ya Chilatini. Anastasia ankagwira mpando ndi manja awiri, akuseka ngati mtsikana.

“Bambo a Joanna, kamuvi aka kagoneranji chonchi?”

“Kamatero tikayandikira.”

Tinali titatsala ndi mtunda woti munthu wapansi angayende ola limodzi ndi theka. Galimoto inatsokomola ngati lole ya Che Sabiti, inagwedezeka, n'kuima pakati pa mitengo ya malambe. Batire linali lokhuta bwino. Petulo ndiye anali atathera ku msika wa Chikweo, kwa ana a katekisiti, ndi ku Manguru. Tili chikhalire tinamva sitima ikulira kutali.

Panapita nthawi yaitali fungo la matemba lisanafike. Che Sabiti anafuna chulu chawo, anabwera wapansi, anayang'ana kamuvi kaja.

“Ndigawireni pang'ono,” ndinatero.

“Wanga ndi wongofikira pa Balaka. Ndinamuthera kudyetsa batire lanu. Tikagawana tigona tonse pano.” Anapita kukamasula chingwe chomangira madengu.

Ndi mmene tinalowera m'Balaka, dzuwa litapendeka. Kutsogolo lole ya nsomba, pakati chingwe chamfundomfundo, kumbuyo galimoto ya ku Amereka, mtondo padenga, nkhuku zitatulutsa mitu pazenera, ana a m'tauni akuthamangira m'mbali. Pasiteshoni panalibenso munthu, kupatula Bwana Katsimphina atakhala pasutikesi yake, mwendo wouma uja atautambasula, nkhope itafiira ngati phwetekere. M'galimoto, pampando wa Bwana, Anastasia ankayamwitsa.

Ndinatuluka, ndinaima njo. “Gudu afutanuni, Bwana.”

Anazungulira galimoto pang'onopang'ono ndi ndodo yake. Anagogoda mtondo. Ananunkhiza. Chinyanja chinamuthawa, n'kuyamba kulankhula Chingerezi chomwe sitinaphunzire ku Sitandade 3. Mawu amodzi okha ndinawamva bwino, polisi.

Apo Che Sabiti anatsika mu lole, anamenyetsa zidendene, n'kuchita sawatcha ya chisilikali. Anatchula nambala yawo ya ku Keyala ndi gulu lawo. Bwana anaima. Anafunsa kuti Bama? Che Sabiti anati elo, Bama. Analankhulana pang'ono m'Chiswahili cha asilikali, ndipo sindinamve kanthu, koma ndinaona Che Sabiti akuloza ine, akuloza mutu wawo, n'kupukusa chala. Bwana anapuma. Anatambasula dzanja, ndinaikamo kiyi. Anatambasulanso, ndinaikamo kapusi.

“Polisi iyayi,” anatero. “Iwe choka nyumba yanga mawa.”

Choncho Anastasia anagona m'nyumba ya simenti usiku umodzi. Anaisesa, ngakhale panalibe chifukwa. Anatsegula chitseko cha thabwa n'kutseka, kutsegula n'kutseka.

“Inalidi yabwino,” anatero. “Apa pokha simuname.”

Lamulungu m'mawa Che Sabiti anatikweza pa lole yopanda katundu, ife, mtondo ndi nkhuku, pakati pa madengu onunkha. Kwina koti tipite kunalibe. Ponyamuka pasiteshoni panalibe chulu, ndiye anandipatsa hendulo. Ndinapukusa mpaka mapewa anayaka moto, iwo ali pachiwongolero akundiyang'ana pagalasi.

Tinafika ku Chikweo madzulo. A Yoram anali pampando wawo, bondo atalimanga nsanza. Anationa tikutsitsa mtondo.

“Mwabwerako kuchitengwa? Kunali bwanji?”

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi khasu, anandipatsa chogwirira chili kutsogolo. “Ili silifuna petulo, akamwini. Munda wa chinangwa uyambira pachitsime.”

Ndinalima chaka chimenecho, ndinalima chotsatira. Che Sabiti ankadutsa Lachisanu lililonse, ndipo ndikawaona ndinkasiya khasu kukawachotsera mwala kutayala. Nthawi zina ankasiyira Joanna kamulu ka matemba. Chaka chachitatu ndinamva kuti kumunda wa fodya ku Zomba akufuna dalaivala wa thirakitala, ndipo ndinapitanso kwa a Yoram ndi tambala wina.

“Palibe vuto,” anatero. “Mubwere ndi nkhoswe yanu ija. Ina sindiifuna.”

Lachisanu ndinawadikira pachulu. Ndinawafotokozera zonse kukhutu labwino, kawiri. Anatafuna kamtengo kawo, anayang'ana minda, anayang'ana matuza a m'manja mwanga.

“Ngwamba, achimwene,” anakana. “Tsiku lija ndinali ndi zoona ziwiri zokuikirani kumbuyo, ntchito ndi nyumba. Lero ndikakhala pamphasa paja, nditsala ndi mawu oyamba aja okha. Chotsani mwalawo.”

Ndinachotsa. Anastasia sanachokenso m'mudzi uno, ndipo ine ndikulemba izi ndili pakhonde la nyumba yake.